Matayala osalala atitha ku Dwambazi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata patsamba lathu lino kuti ndilankhule ndi anzanga oyendetsa galimoto pamsewu wa M5, makamaka a matola ndi a maminibasi amene timakwera pakati pa Dwangwa, Dwambazi ndi Chintheche.

Mwezi wa Januwale ndinakwera matola kuchokera kumudzi kwathu kutsikira kumsewu waukulu. Mvula inali itagwa usiku wonse. Titafika pamtsetse wina dalaivala anaponda mabuleki, koma galimoto sinamumvere. Inangoyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu mpaka kukagonera m'ngalande. Mayi wina amene amapita ndi mwana kusikelo anathyoka mkono. Titatsika ndinayang'ana matayala akumbuyo: anali see ngati chipande. Dalaivala uja anangoti, "Ndi mvulayi bambo." Ayi achimwene, mvula siinagule matayala amenewo.

Chandipangitsa kulemba kalatayi ndi nkhani imene mphwanga, woyendetsa thiraki kupita ku Durban, anandifotokozera. Mu Seputembala 2024 chipale chofewa chinagwa kwambiri pa Van Reenen's Pass, pamsewu wa N3 wa pakati pa Johannesburg ndi Durban. Galimoto zambirimbiri zinagona pamsewu, anthu n'kumaombedwa ndi chisanu m'kati mwake. Iye akuti chimene chinamuopsa kwambiri ndi kuona thiraki yaikulu ikutsetsereka chambuyo mabuleki ali chigwirire. Ndinamuuza kuti zimenezo ife kuno timaziona chaka ndi chaka, kungoti chipale chathu n'chofiira ndipo timachitcha matope.

Kusiyana kwathu ndi anzathu a kumaiko ozizira n'kwakuti iwo amakonzekera. Ku Quebec, m'dziko la Canada, lamulo limakakamiza mwini galimoto kuika matayala a m'nyengo yozizira kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Sweden, msewu ukakhala ndi madzi oundana m'miyezi ya Disembala mpaka Malichi, galimoto yaing'ono iyenera kukhala ndi matayala otere, ndipo mizere yake ikhale yozama mamilimita osachepera 3. Kumapiri ena amakulunga matcheni kumatayala kuti aziluma pansi. Taonani miyeziyo, Akonzi. Ndi miyezi yomweyo imene ife kuno timakhala m'dzinja. Iwo amadziwa tsiku losinthira matayala, ife timadikira galimoto igudubuzike kenaka n'kumati ndi zalembedwa.

Mizere ya patayala sanaiike kuti ikongoletse. Ntchito yake n'kuthamangitsa madzi kuti mphira ugunde pansi. Mizere ikatha, tayala limayandama pamadzi ndipo chiwongolero chimasanduka chidole. Pamsewu wonyowa galimoto imafuna mtunda wowirikiza kawiri kuti iime, pamadzi oundana mpaka kakhumi. Nanga galimoto yosenza matumba a mpunga, madengu a usipa ndi anthu pamwamba pake, ikatulukira pamlatho wopapatiza n'kupeza njinga ya kabaza kutsogolo, iima bwanji?

Pali chinanso chimene ambiri sitikuchidziwa. Galimoto zina zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, ndiponso matayala ena a kaunjika, amabwera ali a m'nyengo yozizira. Mudzawazindikira ndi kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu pambali pake. Mphira wake ndi wofewa, anaupangira malo ozizira osapitirira madigiri 7. Pa phula lathu la kunyanja kuno, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, tayala lotere limadyeka msanga ndipo siligwira bwino mabuleki. Timanyengeka ndi mizere yake yambiri, osadziwa kuti tagula jekete ya m'chisanu yoti tivale pa Dwangwa masana. Pogula tayala yang'ananinso manambala anayi amene amakhala kumapeto kwa zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2316, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Lakalamba limenelo, ngakhale wogulitsa alipake polishi motani.

Za matcheni, ine ndikuti tiwatengereko nzeru. Tcheni imaluma m'matope monga imalumira m'chipale, ndipo amalole okatenga mbewu kumidzi angapindule kukhala nayo m'galimoto pamodzi ndi fosholo ndi chingwe chokokera. Koma ikafika paphula ichotsedwe, chifukwa imakumba msewu ndi kuwononga tayala lomwelo. Msewu wathu uli kale ndi maenje okwanira.

Mayendetsedwe nawonso ndi amodzimodzi. Poterera munthu amayenda pang'onopang'ono, amatsika mtsetse ndi giya yaing'ono, saponda mabuleki mwadzidzidzi, sapinda chiwongolero mwaukali, ndipo amasiya mpata waukulu pakati pa iye ndi mnzake wakutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono anyamata athu ena mvula ikayamba m'pamene amathamangitsa kuti akalande anthu pasiteji yotsatira.

Ndikudziwa zimene eni galimoto ayankhe. Adzati matayala akwera mtengo, ndipo n'zoona, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe katundu wakunja amene ali pafupi. Adzatinso vuto ndi msewu. Apanso sindikutsutsa. Tonse tinaona mu Febuluwale 2024 madzi osefukira atazunza anthu a kwa Kanyenda ndi kudula msewu wa M5 ku Dwangwa. A Roads Authority ali ndi udindo wawo, ndipo ndalama za misewu timapereka tonse pa mafuta alionse amene tagula. Koma msewu ukakhala woipa m'pamene tayala labwino likufunika koposa. Mtengo wa matayala anayi ungafanane ndi bokosi la maliro, chakudya cha pasiwa ndi ana amasiye osowa owalipirira sukulu?

Pempho langa lili patatu. Choyamba, a nthambi yoona za pamsewu ndi apolisi azichita chipikisheni cha matayala mu Novembala chaka chilichonse, mvula isanakhazikike. Pepala la COF lomatidwa pagalasi silokwanira, wapolisi aziwerama n'kugwira tayalalo ndi dzanja. Amene amangolandira ya fanta n'kukweza chipata akumbukire kuti mayi ake nawonso amakwera matola omwewo. Chachiwiri, makomiti a pamasiteji asamalole galimoto ya matayala osalala kuima pamzere. Amadziwana okhaokha kuposa mmene apolisi angawadziwire. Chachitatu ndi ife okwera. Tisanakwere tiyeni tiziyang'ana pansi, osati mpando wakutsogolo wokha. Tikakana anthu khumi, mwini galimoto adzapeza ndalama ya tayala tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula timaifuna kuti mpunga ndi chinangwa chathu zikule, choncho matope tiwayembekezere ndi kuwakonzekera. Mayi uja anachira, koma khasu sakuligwiranso bwino, ndipo galimoto ija ndinaionanso ikunyamula anthu ndi matayala omwe aja.



Mlimi wa mpunga wodandaula,
Dwambazi,
Nkhotakota.