Kuyera kwa Madzi Kumanyenga

Alimi ambiri akaona madzi a pachitsime ali mbee, amati ngabwino kumwa. Maganizo amenewa ngolakwika, pakuti tizilombo toyambitsa kolera sitioneka ndi maso. Mvula ikagwa, madzi amakokolola zonyansa za m'thengo, ndowe za m'khola ndi feteleza wa m'madimba, nakazithira m'zitsime zosatetezedwa. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Tsono sikokwanira kukumba mjigo ndi kuusiya. Mpofunika kuti alangizi a zaumoyo aziyeza madzi ake kawirikawiri, makamaka m'dzinja. Nayo komiti ya mjigo iziona ngati simenti yang'aluka, ndi kuletsa aliyense kukumba chimbudzi pafupi, ngakhale atakhala mphwake wa amfumu.