Gemu ya NHL imakhoza pobisa luso la anyamata

Pakati pa okonda gemu ya NHL, imene kampani ya EA Sports imatulutsa chaka ndi chaka kuchokera ku Canada, pali dandaulo limodzi losatha. M'gawo la Franchise Mode, momwe munthu amakhala bwana wamkulu wa timu ya hockey ya pa ayezi, gemu imabisa mphamvu zenizeni za anyamata oyembekezera kusankhidwa pa draft. Chiyambireni NHL 19, yomwe inatuluka mu 2018, bwanayo ayenera kulemba ntchito anthu osaka luso, kuwatuma ku Sweden, Finland, America ndi m'maligi a achinyamata a ku Canada, kenaka n'kudikira malipoti obwera pang'onopang'ono, ena olondola, ena osokeretsa. Ambiri amati uku n'kuzunza munthu amene wagula gemu ndi ndalama zake, ndipo amathamangira kuzimitsa chifunga chobisa mphamvu za osewera kuti manambala aonekere. Ine ndikuti akutaya gawo lokoma koposa, chifukwa kusadziwa kumeneku ndiko kumapereka phindu pa ntchito yeniyeni ya bwana wa timu, yomwe ndi kulera wosewera.

Mbiri ya ligi yeniyeni ya NHL ikuikira gemuyi umboni. Pa draft, matimu 32 amasankha mosinthana maulendo asanu ndi awiri, ndipo ambiri osankhidwawo amakhala a zaka 18, matupi asanakhwime. Mu 1993 timu ya Ottawa Senators inatenga Alexandre Daigle pa nambala 1, koma sanafike pomwe anthu ankayembekezera, pamene Chris Pronger, amene anatengedwa pambuyo pake, anadzakhala mmodzi mwa otchinga kumbuyo otchuka a nthawi yake. Detroit Red Wings inatola Pavel Datsyuk pa nambala 171 mu 1998 ndi Henrik Zetterberg pa nambala 210 mu 1999, ndipo awiriwa ndiwo anali msana wa timu imene inatenga chikho cha Stanley Cup mu 2008. Martin St. Louis sanasankhidwe n'komwe, koma mu 2004 analandira Hart Trophy, mphoto ya wosewera wofunika koposa mu ligi yonse. Ngati akatswiri olipidwa, oyenda m'mabwalo nyengo yonse yachisanu, amaphonya chonchi, gemu yoululira munthu tsogolo la mnyamata aliyense ingakhale yabodza.

Chofunika kwambiri pa nkhani ya Detroit si maso akuthwa okha ayi, komanso kudekha. Datsyuk anakhalabe kwawo ku Russia mpaka 2001, Zetterberg ku Sweden mpaka 2002, aliyense zaka zitatu atasankhidwa, akusewera mphindi zambiri pakati pa akuluakulu. Gemu imatsata nzeru yomweyi. Mnyamata amene lipoti likumuyamikira sakula chifukwa cha lipotilo. Amakula malinga ndi nthawi imene amapatsidwa pa ayezi, udindo wake m'timu ndi mphunzitsi amene akumusula. Ukamukweza msanga n'kumuika pa mzere wachinayi, kumene amangolowa mwa apo ndi apo, umamupinimbiritsa, monga mbande ya fodya yowokeredwa kumunda isanalimbe pa nazale. Ukamusiya m'timu yake ya achinyamata kapena mu ligi yaing'ono ya AHL, kumene ndiye wodaliridwa, amabwera atakhwima. Apa bwana amayesedwa mtima, pakuti timu yaikulu ikamagonja chilakolako choitanitsa mnyamatayo chimakula.

Otsutsa amati zonsezi ndi juga chabe: kompyuta imachita maere, wina aphuke, wina afote, ndipo luntha la munthu lilibe gawo. Maere alipodi, sitingakane. Koma pamene pali kusatsimikiza m'pamene luntha limaonekera. Ndalama zolipira osaka luso n'zowerengeka, choncho bwana ayenera kusankha dera loti alifufuze mozama ndi lina loti alisiye. Ayenera kudziwa kuti lipoti la munthu amene waonera mnyamata kamodzi silifanana ndi la amene wamutsatira miyezi ingapo, ndiponso kuti kukhala ndi mwayi wosankha kambiri m'maulendo akumapeto kumaposa kuika chiyembekezo chonse pa dzina limodzi. Wochita izi akhoza kuphonya chaka chimodzi, koma pa zaka khumi amasiya kutali mnzake wongotola mayina. Manambala onse akakhala poyera, luntha lonseli limasanduka lopanda ntchito, chifukwa aliyense amatha kuwerenga kuti 85 imaposa 70.

Ena amati njira yachidule ilipo: gulitsa osewera abwino, gonja dala, upeze nambala 1, basi. Njirayi nthawi zina imabala zipatso, pakuti Connor McDavid amene Edmonton Oilers inamutenga mu 2015 anasinthadi timuyo. Koma timu yomweyo inali itasankha kale poyambirira mu 2010, 2011 ndi 2012, ndipo inakhalabe kunja kwa ndime ya chipulula mpaka 2017. Nail Yakupov, wa mu 2012, anabwerera ku Russia asanasiye dzina. Komanso nambala 1 imaperekedwa mwa maere, kotero wothera pansi pa ligi sakhala wotsimikiza kuipeza. Pamwamba pa izi, kuchokera mu 2005 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo gemu imasunga lamuloli. Akatswiri awiri kapena atatu akadya gawo lalikulu la ndalamazo, malo otsalawo amafuna anyamata otsika mtengo a kontirakiti yoyamba, amene timu yadzipezera ndi kudzilerera yokha.

Amene akufuna kungogoletsa zigoli madzulo ali ndi ufulu wozimitsa chifungacho, ndipo palibe womuletsa. Koma opanga gemu asagonjere madandaulo n'kufewetsa gawoli. M'malo mwake aonjezere kufotokoza chifukwa chimene mnyamata wakulira kapena wabwerera m'mbuyo, kuti wolakwitsa aphunzirepo kanthu. Munthu amene wasankha mpando wa bwana wa timu wavomera kuweruzidwa pa zisankho zimene anapanga asanadziwe mathero ake, ndipo gemu yomuchotsera mtolo umenewu yamulandanso ntchitoyo.