Bambo akati "palibe", kodi palibedi?

Zimenezi mumazidziwa. Mayi akafunsa kuti, "Bambo a ana, chavuta n'chiyani?" bambo amangoti "palibe", n'kukwera njinga, kubwerako usiku akununkha kachasu. Amayi ambiri amaganiza kuti kwapezeka mkazi wina. Nthawi zina zimakhaladi choncho, tisanamizane. Koma ine ndikuona kuti chimene chimatseka pakamwa pa amuna ambiri ndi manyazi.

Taganizirani mmene timalerera mnyamata. Akagwa n'kulira timamuuza kuti mwamuna salira. Pamaliro timamutuma kokumba manda, kulira n'kwa amayi m'nyumba. Akakwatira timamuuza kuti ndiye mutu wa banja. Ndiye feteleza akakwera mtengo, kachewere akagulidwa motchipa ku Ulongwe, kapena iye akabwerako ku Joni chimanjamanja, mawu oti "zandikanika" awatenga kuti? Palibe anamuphunzitsa. Mkamwini ndiye zake zimanyanya. Amakhala pamudzi pa eni, ndipo amaopa kuti akaulula ngongole kwa mkazi wake, mawa apongozi ndi alamu onse amva.

Palinso nkhondo ija inatha mu 1992. Makolo athu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo zimene anaona m'njira ena sanazinene mpaka kumanda. Ana awo anakula akuyesa kuti bambo weniweni ndi wosalankhula.

Nkhaniyi tailemba m'tsamba la zaumoyo chifukwa nkhawa yobisa imadwalitsa. Munthu sapeza tulo, mutu suleka kupweteka, mowa umachuluka, mkwiyo umakathera pa mkazi ndi ana. Dziwani kuti kuyambira mu 2009 lamulo la Mozambique limalanga nkhanza za m'banja, ndipo nkhawa zanu sizingakupulumutseni pamlandu. Alipo abambo amene amamwa ma ARV mobisa, akazi awo osadziwa kuti nawonso ayenera kukayezetsa magazi. Bungwe la WHO limati padziko lonse amuna odzipha amaposa akazi kuwirikiza kawiri.

Inu amayi, si udindo wanu kuchiza amuna anu, ndipo musapirire kumenyedwa poti ali ndi maganizo. Koma akayamba kukuuzani zakukhosi, musazitengere kumjigo. Mukatero sadzanenanso. Musawafunsenso ana kapena alendo ali pomwepo.

Inu abambo, sitikuti mulire pabwalo la amfumu. Yambani ndi chinthu chimodzi: auzeni amayi akunyumba kuti ngongole ndi mametikali angati, ndipo mwini wake akuifuna liti. Ngati pawiri zikukanika, itanani ankhoswa. Ngati mwatha masabata awiri osagona bwino, chakudya osachifuna, kapena mukuganiza zodzichotsa moyo, pitani kuchipatala msanga. Namwino akakufunsani, musamuuze kuti ndi mutu chabe.