PAKHOMO PA MSILAMU: Chigamba Sichichititsa Manyazi



Pakhonde lililonse pamene pali telala, kaya ndi ku Limbe, ku Liwonde, ku Namwera kapena ku Nkhotakota, dzuwa likamalowa pansi pa makina pamakhala mulu wa tizidutswa ta nsalu. M'mawa mwake mwana amasesa zonsezo n'kukataya kudzala, kenaka zimatenthedwa pamodzi ndi mapepala. M'nyumba zathu namonso muli zitenje zong'ambika mbali imodzi, mikanjo imene ana anaikulira, ndi malaya a kaunjika amene sanamukwane aliyense. Komatu miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika, mwera ukuomba kunyanja ndipo chiperoni chaphimba mapiri, m'nyumba zomwezo ana atatu amalimbirana bulangete limodzi, pamene agogo amagona moyandikira moto kufikira tsiku lina chitenje chawo chigwira lawi. Ife aphunzitsi a m'madrasa timawaona anawa m'mawa akutsokomola, manja ali m'khwapa, akulephera ngakhale kutsegula juzu. Nsalu imene ikanawafunditsa ndi yomwe ija tinatentha kudzala.

M'kope lino tikambirane za luso losoka chofunda ndi timphatso ting'onoting'ono kuchokera ku nsalu zotsalira.

Manyaziwa achokera kuti?

Chimene chimatiletsa ambiri si kusowa singano ayi, koma manyazi. Tinakula tikumva kuti chigamba ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo mwana wovala kabudula wa zigamba ankasekedwa ndi anzake. Koma tiyeni tione mmene anakhalira anthu amene timawatsatira. Mayi athu Aisha (R.A.) atafunsidwa za ntchito zimene Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ankagwira pakhomo, anatchulapo kusoka chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani ya Anas bin Malik (R.A.), amene anaona Umar bin Al-Khattab (R.A.) atavala chovala chokhala ndi zigamba zitatu pakati pa mapewa, nthawi imeneyo ali mtsogoleri wa Asilamu onse. Umar analamulira kuyambira chaka cha 634 mpaka 644, zaka zimene chuma cha Perisiya ndi Iguputo chinkalowa m'Madina. Sanali wosowa chovala. Anangodziwa kuti ulemu wa munthu suli m'nsalu.

Maswahaba ankadziwa mtengo wa nsalu chifukwa anaona kusowa kwake. Mus'ab bin Umair (R.A.), mnyamata amene anakulira m'zovala zapamwamba ku Makka, ataphedwa pankhondo ya Uhud m'chaka cha 625, nsalu yomukulungira inapelewera: akaphimba kumutu mapazi amaonekera, akaphimba mapazi mutu umaonekera, mpaka kumapaziko anaikako udzu. Nanga ife ndani kuti tizitentha nsalu yabwinobwino? Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-A'raf ndime 31, pamalo omwewo pamene ikutiuza zovala bwino popita kokapemphera, ikutiletsanso israf, kumene kuli kuononga. Ambiri tikamva israf timaganiza za nsima yotsala pa ukwati basi. Nsalu nayonso ndi riziki: wina analima thonje, wina analiomba, ndipo wina anatuluka thukuta kuti aigule.

Asilamu anzathu a maiko ena analisandutsa luso limeneli kukhala chonyadira. Ku Sindh, m'dziko la Pakistan, amayi amasoka zofunda za zigamba zotchedwa ralli, ndipo mtsikana amapita nazo ku banja lake latsopano. Ku Bangladesh amasanjikiza nsalu zakale zingapo n'kuzisokera pamodzi, chofundacho amachitcha kantha. Ku Karnataka, m'dziko la India, kuli anthu otchedwa Siddi, amene makolo awo anachokera kuno ku Africa, ena mwa iwo kudzera m'madoko a Mozambique, ndipo pakati pawo pali Asilamu. Amayi a Chisiddi amasoka zofunda zotchedwa kawandi, kuyambira m'mphepete kumazungulira mpaka kukathera pakati, chigamba pamwamba pa chigamba. Lero zofunda zimenezi zimaonetsedwa m'nyumba zosungiramo zaluso kumaiko akutali. Chimene ife timachisesa, anzathu amachipachika pakhoma kuti alendo aone.

Kodi zidutswazo mwini wake ndani?

Tisanatole singano pali funso la chilungamo, makamaka kwa abale athu atelala. Munthu akabweretsa mamita anayi kuti asoketse diresi ya Idi, nsalu yonseyo ndi amana m'manja mwa telala, ndipo yotsala ndi ya mwini wake. Timanyenyeswa timene palibe amene amatifunsa sitivuta, pakuti chizolowezi cha anthu chinatilekerera kale. Koma chidutswa chokwanira mpango, kofiya kapena siketi ya mwana sichisanduka cha telala chifukwa chakuti mwini wake sanachione. Pali ena amene amauza kasitomala kuti agule nsalu yochuluka dala, pofuna kuti yotsalayo asokere ena n'kugulitsa. Kumeneko ndi kudya chuma cha mnzako mopanda chilungamo, ngakhale phindu lake litakaperekedwa ku mzikiti. Njira yake ndi yapafupi: ikani chotsalacho m'pepala limodzi ndi chovala, ndipo ngati mukuchifuna, pemphani. Ambiri adzakupatsani ndi mtima woyera, ndipo iwonso adzapeza nawo thawabu.

Inunso amayi a m'magulu a dawa, pokapempha zidutswa kwa telala muzimuuza ntchito yake. Telala amene wadziwa kuti thumba lake la zigamba lafunditsa mwana wamasiye, mawa adzakusungirani yekha.

Kusankha ndi kuyeretsa

Choyamba ndi kuchapa. Nsalu zimene zagona pansi pamsika, ndiponso zovala zakale za ana, zikhoza kukhala ndi najisi, choncho zichapidwe ndi madzi okwanira n'kuyanikidwa padzuwa. Kuchapa kumathandizanso m'njira zina ziwiri. Nsalu yatsopano ya thonje imachepa ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ikasokedwa ndi yakale isanachapidwe, chofunda chimadzakwinyika. Nsalu zina, makamaka zofiira ndi zakuda, zimasuluka. Ndi bwino zisulukire m'beseni kusiyana ndi kudzadetsa ntchito ya mwezi wathunthu. Zikauma musite.

Chachiwiri, patulani nsalu malinga ndi kulemera kwake. Zitenje ndi malaya a thonje zikhale pamodzi. Majini ndi makhaki zikhale pazokha, pakuti zimang'amba nsalu yopyapyala pamsoko. Zimenezi n'zabwino kusokera zikwama. Nsalu zoterera ndi zotamuka zisiyeni kaye kufikira manja atazolowera.

Chachitatu ndi zolembedwa ndi zojambulidwa pansalu. Nsalu yokhala ndi dzina la Allah kapena ndime ya Qur'an isalowe m'chofunda, m'chopondera kapena m'chogwirira mphika. Zitenje zathu zambiri zili ndi mbalame, nsomba, ngakhalenso nkhope za anthu monga nsalu za zipani ndi za mabungwe. Pa nkhani imeneyi tili ndi phunziro lochokera m'nyumba ya Mtumiki (S.A.W.) yeniyeniyo. Bukhari ndi Muslim analandira nkhani yakuti Mayi Aisha (R.A.) anapachika nsalu ya zithunzi m'nyumba, Mtumiki (S.A.W.) sanakondwere nayo ndipo inachotsedwa. Mayi athuwo sanaitaye: anaidula n'kusoka mitsamiro. Taonani nzeru imeneyo. Nafenso tikamadula nsalu yotere, sizasi idutse pachithunzipo kuti chisatsale chathunthu. Koma nsalu yoswalirapo isokedwe ndi mitundu yodekha, pakuti Mtumiki (S.A.W.) anabweza chovala cha mizeremizere chimene chinamusokoneza maganizo pa swala, napempha chopanda zokongoletsa.

Kasokedwe kake

Tengani katoni yolimba mudule kabokosi ka mainchesi 5 mbali zonse zinayi. Chimenechi ndicho chikombole chanu. Chiikeni pansalu, lembani ndi choko kapena kachidutswa ka sopo, dulani. Posoka mudzasiya theka la inchesi mbali iliyonse kuti likhale msoko, choncho chigamba chilichonse chidzaoneka cha mainchesi 4.

Chofunda cha khanda chimafuna zigamba 80, ndiye kuti mizere 8 ya zigamba 10, ndipo chimatuluka mainchesi 32 m'lifupi ndi 40 m'litali. Cha mwana wa ku madrasa chimafuna zigamba 216, mizere 12 ya zigamba 18, kutuluka mainchesi 48 ndi 72. Musanasoke, yalani zigamba zonse pamphasa, muzisinthasintha chowala ndi chodera kufikira diso litakhutira. Kenaka lumikizani mzere umodziumodzi, nkhope za nsalu zitayang'anizana, ndipo mukatha lumikizani mizereyo. Msoko uliwonse muusite kugonera mbali imodzi. Amene alibe makina asadandaule: kusoka pamanja kobwerera m'mbuyo, ndi ulusi wopinda pawiri, kumalimba mokwanira.

Chimene chimabweretsa kutentha ndi kusanjikiza. Pansi yalani nsalu yaikulu, monga yoyala pabedi yakale kapena zitenje ziwiri zolumikiza. Pakati ikani bulangete lakutha, lija lobooka limene mumafuna kupatsa galu wa anansi. Pamwamba pabwere nsalu yanu ya zigamba. Gwirizitsani zitatuzi ndi misoko italiitali yongoyembekezera, kenaka yambani kusoka mizere yodutsa nsalu zonse zitatu, motalikirana zala zitatu. Muziyambira pakati kupita kumphepete, chifukwa mukayambira kumphepete nsalu imasonkhana pakati ngati chotupa. Pomaliza dulani nsalu yaitali ya mainchesi 3 m'lifupi, muipinde kuphimba m'mphepete monse, musokere. Mpweya umene umatsekeredwa pakati pa nsaluzo ndi umene umasunga kutentha kwa thupi, n'chifukwa chake nsalu zitatu zopyapyala zimaposa imodzi yokhuthala.

Munthu mmodzi akamva zigamba 216 amagwa ulesi. Koma mutu umodzi susenza denga. Amayi 12 a pa mzikiti umodzi, aliyense atatenga mzere umodzi wa zigamba 18 kukasokera kunyumba, Lachisanu lotsatira pambuyo pa Jumu'ah mizere yonse yakwana. Gulu lotere likhoza kutulutsa chofunda chimodzi pamwezi popanda kusokoneza ntchito za kumunda. Likayamba mu Janyuwale, pofika Juni ana asanu kapena agogo asanu afunda. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Timphatso ta Idi ndi ta tsiku lililonse

Tizidutswa tosakwana mainchesi 5 natonso tili ndi ntchito. Kathumba konyamulira juzu kapena Qur'an kamafuna nsalu ziwiri zongoposa bukulo pang'ono ndi chingwe chokolekera paphewa. Mabuku ambiri a ana athu amatha msanga chifukwa chonyamulidwa m'manja pamvula ndi pafumbi. Kachikwama komanga ndi chingwe kamasunga tasbihi ya agogo. Nsalu zinayi zosanjikiza zimapanga chogwirira mphika. Chophimbira mbale chimateteza futari imene tikutumiza kwa anansi m'mwezi wa Ramadhani. Timanyenyeswa totsiriza tilowe mumtsamiro m'malo mwa thonje. Ndipo pa aqiqa, chofunda cha khanda chosokedwa ndi zidutswa za zitenje za amayi ake, azakhali ake ndi agogo ake ndi mphatso imene sitolo iliyonse ilibe.

Tikunena izi chifukwa Idi ikamayandikira mabanja ena amalowa m'ngongole, ena mpaka kutenga katapila, kumene kuli riba, pofuna kugula mphatso zoti anthu awatame. Ena amasiyiratu kupatsa poopa kuti chawo n'chochepa. Mtumiki (S.A.W.) anatilimbikitsa kupatsana mphatso chifukwa zimakulitsa chikondi, ndipo analangiza amayi Achisilamu kuti asanyoze mphatso ya mnansi ngakhale itakhala chiboda cha mbuzi. Mayi athu Zainab bint Jahsh (R.A.), amene anamwalira m'chaka cha 641, ankagwira ntchito ya zikopa ndi manja awo n'kupereka sadaka zimene apeza, ndipo akazi anzawo a Mtumiki (S.A.W.) anawachitira umboni kuti pa kupatsa analibe wofanana nawo. Kupatsa n'kuika.

Mawu kwa abambo ndi anyamata

Abambo ena awerenga mpaka pano akuti nkhaniyi ndi ya amayi. Komatu atelala ambiri m'makonde athu ndi amuna, ndipo amene ankasoka chovala chake uja ndi Mtumiki (S.A.W.) mwini. Mnyamata amene akupita kukagonera kusukulu osadziwa kusokera batani, makolo ake amuchimwira. Tikupempha aphunzitsi anzathu kuti tchuthi chikubwerachi apatule masana amodzi pamlungu, anyamata paokha ndi atsikana paokha, aliyense asoke kathumba ka juzu yake. Masingano ndi masizasi aziwerengedwa poyamba ndi pomaliza, kuopa kuti ina ingatsalire pamphasa pamene ana amakhala.

Inu abambo, gawo lanu ndi ili: gulani ulusi ndi masingano, kapempheni zidutswa kwa telala mnzanu, ndipo mukakhala pa komiti ya mzikiti funsani kuti ndi nyumba ziti m'mudzi mwanu zimene mulibe bulangete. Musadikire kuti kuzizire kaye. Lero lomwe pezani thumba loyera, mulikoleke kuseri kwa chitseko, ndipo uzani ana kuti m'nyumba muno nsalu siipitanso kudzala.

Allah alandire ntchito za manja athu, ndipo atiteteze ku kuononga ndi kudzionetsera. Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.