Mangani Agalu Anu, Nkhuku Ndi Cuma

Kuyambira ku Kapata mu Chipata kufikira ku Chawama mu Lusaka, nkhuku ndiyo nkhokwe ya banja losauka. Mwana akadwala kapena akafuna yunifomu, mai amagwira tambala napita naye kumsika. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, ndipo anapiye amatenga miyezi kuti akule; koma galu woyendayenda angathe kuononga nchito yonseyi m'mawa umodzi.

Mlandu uli pa mwini galu. Lamulo la Control of Dogs Act, Cap 247, lifuna kuti agalu alembetsedwe ndi kulandira katemera wa ciwewe. Galu wosadyetsedwa kwao ndiye amasaka pakhomo pa mnansi. Mumdyetse, ndipo mum'mange.

Inunso oweta nkhuku, musagone. Mangani khola lokwezeka pa mitengo yolimba, cotsani makwerero usiku, ndipo anapiye muwachingire ndi mpanda wa nsungwi kapena waya.

Galu akagwira nkhuku, musachere poizoni, pakuti nyambo yotere ingaphe nkhuku zanu zomwe, ngakhale ana. Pitani kwa anyakwawa kapena ku Local Court kuti mwini galu alipire. Nkhuku imodzi isadanitse anansi amene mawa adzanyamulirana maliro.