Musawalande masingano anawa

Lero ndili ndi kankhani kamene kakhala kakundivuta mumtima.

Tsiku lina m'mwezi wa June, pa nthawi yopuma, mphunzitsi mnzanga analanda masingano ndi ulusi kwa mtsikana wa Fomu 2 amene ankaluka pakhonde. Akuti kuluka n'kwa kumudzi, kusukulu timabwera kudzawerenga. Ine ndinakamutengera mwanayo katundu wake. Nditayang'ana kansalu kamene ankaluka, ndinadabwa. Kanali kokhuthala, kokhala ndi timizere topingasa ngati lichero. Ndinamupempha kuti andiphunzitse, ine mphunzitsi wa masamu.

Kalukidwe kake amakatcha slip stitch, ndipo n'kosavuta kwa aliyense wodziwa knit ndi purl. Yambani ndi masitichi 21. Mzere woyamba, lukani knit imodzi, bweretsani ulusi kutsogolo, ndipo sitichi yotsatira musayiluke ayi. Ingoyisamutsirani ku singano inayo, kulowetsa singano ngati mukufuna kuluka purl, kenaka bwezani ulusi kumbuyo. Teroni mpaka kumapeto. Mzere wachiwiri ndi purl yokhayokha. Wachitatu yambani ndi knit ziwiri kuti malo odumphawo asunthe, ndipo mutsirizenso ndi knit ziwiri. Wachinayi purl kachiwiri. Basi, bwerezani.

Ulusi umene unadutsa kutsogolo kwa sitichi yosalukidwa ija ndi umene umapanga kamzere. Sitichi yodumphidwayo imakokanso mizere kuti ithinane, n'chifukwa chake nsaluyo imakhuthala. Musakoke ulusi mwamphamvu, nsalu imakwinyika. Ngati yauma kwambiri, siyani masingano a 4 mm mutenge a 4.5 mm.

Tsono maganizo anga ndi awa: mwana ameneyu sankataya nthawi. Ankawerengera. Anandiuza yekha kuti masitichi akakhala 20 kapena 22, mbali ziwirizo sizifanana. Imeneyo ndi 2n + 1 yomwe ndimavutika nayo pabolodi, iye anayipeza ndi zala zake.

Chachiwiri ndi chisanu. Amene munaphunzitsako ku Dedza kapena ku Mzimba mukudziwa mmene ana amanjenjemerera mu June ndi July, m'makalasi a mawindo opanda magalasi. Si kholo lililonse lingathe kugula juzi, ngakhale ya pa kaunjika. Mwana amene angadzilukire sikafu yokhuthala wadzithandiza yekha, ndipo kalukidwe kameneka sikafuna magetsi kapena makina.

Ndikuvomera, kuluka mphunzitsi ali kutsogolo n'kulakwa, ndipo amene watero alangidwe. Koma nthawi yopuma ndi yake ya mwana. Anyamata akamasewera mpira wa mapepala sitiwalanda. Nanga masingano alakwanji? Tikamanyoza ntchito za manja pamaso pa ana, tisamadabwe akamaliza Fomu 4 n'kungokhala pakhomo kudikira ntchito ya mu ofesi.

Anzanga, tiwalole aluke, anyamata omwe. Inu ana anga akale, ngati muli ndi ulusi wotsala kapena masingano amene simugwiritsanso ntchito, kasiyeni ku sukulu imene muli nayo pafupi.

Sikafu yanga ndinamaliza. Ndi yokhota mbali imodzi chifukwa mizere yoyambirira ndinkakoka kwambiri, koma ndimavala m'mawa uliwonse kukazizira. Mphunzitsi wanga wa Fomu 2 uja anandipatsa 6 pa 10.