Mpando wosamangirira pansi

Okonza mizinda amakonda kuganiza kuti paki imakoma ndi maluwa, koma mbiri ya Bryant Park ku New York ikutsutsa zimenezo. M'zaka za m'ma 1970 malowa, omwe ali kuseri kwa laibulale yaikulu ya mzindawu, anasanduka msika wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo anthu wamba ankangowalambalala. William H. Whyte, yemwe anatha zaka akujambula mmene anthu amakhalira m'mabwalo a mumzinda, anaona kuti vuto linali kamangidwe: pakiyo inali pamalo okwera kuposa msewu, yotchingidwa ndi mipanda ndi zitsamba, moti wodutsa sankaona zochitika mkati. Itatsegulidwanso mu 1992, zitsamba zija zinali zitachotsedwa, zipata zitakuzidwa, ndipo munali timalo togulitsira zakudya komanso zimbudzi zaukhondo (zomwe makhonsolo ambiri amazinyalanyaza, ngati kuti wocheza m'paki alibe chikhodzodzo). Koma chimene ine ndimachigomera ndi mipando yopepuka, yosamangirira pansi. Ena ankaopa kuti idzathera m'manja mwa akuba. Whyte anali ataona kuti munthu akapeza mpando wotere amayamba wausuntha kaye, ngakhale pang'ono chabe, kuti akhale padzuwa, pamthunzi kapena pafupi ndi mnzake. Benchi ya simenti imakukakamiza kuyang'ana kumene wojambula mapulani anafuna; anthu atatu akakhalapo saonana nkhope, choncho macheza sachedwa kuzilala. Whyte ankawerenganso amayi opezeka pamalo: akamachepa, ankadziwa kuti pali china chimene chikuwaopsa.